Dzanja la Mwini Wake: Mtengo wa Siginecha ndi Miyeso Yake

M'chaka cha 2010, pa okushoni ya Sotheby's mu mzinda wa New York, kalata ina yolembedwa m'mwezi wa Julaye 1776 idagulidwa ndi madola 722,500. Pansi pa kalatayo padali maina a anthu angapo, koma dzina limene lidakweza mtengo lidali la Button Gwinnett, munthu amene ngakhale kwao ku America ambiri samdziwa. Gwinnett adabadwira ku England nasamukira ku Georgia, kumene malonda sadamuyendere bwino, ndipo adamira m'ngongole. Sadalembe buku, sadapambane nkhondo. Chimene adachita n'chakuti adali mmodzi mwa anthu 56 amene adasaina chikalata cholengeza ufulu wa America mu 1776, ndipo chaka chotsatira adafa ndi bala la mfuti ataomberana ndi mdani wake, Lachlan McIntosh. Masiginecha ake odziwika lero alipo 51 okha. Dzina limene silidathe kumuombola mwini wake m'ngongole ali moyo, lero lingagule nyumba zingapo.

Nkhani imeneyi ikutipatsa funso limene tikufuna kulisanthula: kodi n'chiyani chimapatsa mtengo dzina lolembedwa ndi dzanja la mwini wake, ndipo n'chiyani chimalichititsa kugulika? Funsoli si lachilendo kwa ife amene timasaina mabuku a ubatizo ndi a ukwati sabata ndi sabata, ndiponso tidalandira m'manja mwathu mabokosi a makalata a amene adatitsogolera. Amalonda a zinthu zotere ali ndi miyeso yao isanu, imene amaitsata monga ogula fodya amatsatira magiredi: kutchuka, kusowa, zolembedwamo, maonekedwe ndi umboni. Ife tiiyesa umodziumodzi. Maganizo athu tinene pachiyambi pomwe: mwa miyeso isanuyi, iwiri yokha ndiyo imalemekeza wolemba, ndiyo zolembedwamo ndi umboni, itatu inayo imangoyesa njala ya wogula.

Chiyambi cha mwambowu

Mwambo wosonkhanitsa maina a anthu sudayambe ngati malonda. M'zaka za m'ma 1540, ophunzira a pa yunivesite ya Wittenberg ku Germany adali kuyenda ndi timabuku ta masamba oyera, napempha aphunzitsi ao, monga Martin Luther ndi Philipp Melanchthon, kuti alembemo dzina ndi mau ochepa a chilangizo. Kabuku kotere kadali umboni wakuti mwini wake adakhala pa mapazi a uje, adadya ndi uje, adatsazikana ndi uje. Kwa munthu wina kadalibe ntchito. Patapita zaka mazana atatu zinthu zidatembenuka. Ku London, ku Paris ndi ku New York kudabuka amalonda ndi mabuku ao a mitengo, ndipo dzina lidayamba kuchoka m'manja mwa amene adalilandira kupita kwa amene ali ndi ndalama. Mbusa wina wa ku Albany, William Sprague, adali mmodzi mwa oyamba kusonkhanitsa maina a onse 56 amene adasaina chikalata cha ufulu chija. Ena ataona adasirira, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wofuna gulu lathunthu adayenera kupeza Gwinnett. Apa ndi pamene padagona mwai wa wamalonda wolephera uja.

Kutchuka ndi kusowa

Amalonda amati miyeso iwiri yoyambayi iyenera kuyendera pamodzi, pakuti dzina losowa la munthu wosafunidwa lilibe wogula, ndipo dzina lotchuka lopezeka paliponse silikwera mtengo. Napoleon adagwedeza Ulaya yense, koma makalata ake amene akatswiri a ku France adasonkhanitsa ndi kusindikiza ndi oposa 40,000, kotero kuti chikalata wamba chokhala ndi dzina lake chimagulidwa ndi kagawo kakang'ono ka mtengo wa Gwinnett. Pa chifukwa chomwecho imfa ya munthu wotchuka ndi uthenga wokoma pa msikawu: dzanja likauma, katundu saonjezekanso.

Tikaiyang'anitsitsa miyeso iwiriyi, tiona kuti palibe umene ukunena kanthu za ukulu wa munthu. Kusowa kumabadwa mwangozi: imfa yofulumira, moto, nkhondo, chinyontho, chiswe, kapena mdzukulu amene adakolezera moto mapepala a agogo ake. Gwinnett adafa atangopitirira zaka 40. Akadakhala zaka zina makumi atatu akusaina zikalata za boma, ntchito yake ikadakula koma dzina lake likadatsika mtengo. Kutchuka nakonso sikusiyanitsa mbiri yabwino ndi yoipa: dzina la Hitler limapeza ogula monga limawapezera la Lincoln. Ndiponso kutchuka kumafota. Oimba ndi ochita masewero amene makamu adali kuwathamangira zaka 80 zapitazo, ambiri lero maina ao alibe owafunsa, chifukwa owakonda adatsikira kulichete. Choncho munthu wogula dzina la wampira wa lero poyembekeza phindu akubetcha kuti zidzukulu zake zidzakonda zimene iye akukonda, ndipo zidzukulu sizichita choncho kawirikawiri.

Zolembedwamo ndi maonekedwe

Pa muyeso wachitatu amalonda ali ndi makwerero ao. Pansi penipeni pali dzina lodulidwa ndi sizasi kuchokera pa kalata. Pamwamba pake pali khadi kapena chithunzi chosainidwa. Kenaka chikalata kapena kalata yolembedwa ndi kalaliki, kapena yotaipa, koma yosainidwa ndi mwini. Ndipo pamwamba pa zonse pali kalata yolembedwa ndi dzanja la mwini kuyambira pa moni mpaka pa dzina. Pa makwerero onsewa chimene chimalamula ndi nkhani imene ili m'katimo. Kalata yopepesa kuti sindibwera ku phwando ndi ina. Kalata imene munthu akuulula za kumtima kwake, kapena za ntchito imene adatchuka nayo, ndi inanso.

Pa 3 Januwale 1954, Albert Einstein adalembera Eric Gutkind, wolemba mabuku a filosofi, kalata ya m'Chijeremani ya tsamba limodzi ndi theka. M'menemo adanena kuti kwa iye dzina lakuti Mulungu lidabadwa mwa kufooka kwa anthu, ndi kuti Baibulo ndi nthano zolemekezeka koma zachikale. Kalatayi idagulidwa ku London mu 2008 ndi madola 404,000, ndipo mu Disembala 2018 idagulidwanso kwa Christie's ku New York ndi madola pafupifupi 2.9 miliyoni, pamene dzina la Einstein lopanda nkhani limapezeka pa madola zikwi zowerengeka. Pano msika ukuvomereza choona, chakuti dzanja limalemekezeka chifukwa cha maganizo amene lidanyamula. Komabe tione zinthu ziwiri. Poyamba, mau a kalatayo adasindikizidwa ponseponse, ndipo aliyense wofuna kulimbana nao, monga tiyenera kuchitira m'kalasi la filosofi, angawawerenge ulele. Tsono wogula sadalipire maganizo. Kachiwiri, m'zaka khumi zija palibe liu limene lidaonjezeka pa pepalalo, koma mtengo udakwera kasanu ndi kawiri. Chimene chidasintha ndi njala ya ogula, ndipo njalayo imakula pamene kalata ikukhudza mkangano.

Muyeso wachinai ndi maonekedwe. Inki yofwifwa ndi dzuwa, madontho a madzi, guluu, m'mphepete modulidwa, mzere wopindira wodutsa pa dzina penipeni: zonsezi zimatsitsa mtengo, ndipo palibe chodabwitsa. Chodabwitsa ndi ichi: pa zithunzi ndi mabuku a anthu otchuka a masiku ano, dzina lolembedwa lokha kawirikawiri limagulika msanga kuposa lolembedwa pamodzi ndi mau opatsira uje, pokhapokha ngati ujeyo nayenso ndi wotchuka. Chizindikiro chakuti padali anthu awiri amene adakumana maso ndi maso ndicho chimene msika umachiyesa chilema, chifukwa chimakumbutsa wogula kuti mphatsoyo sidali yake.

Umboni

Miyeso inai ija yonse imagwa ngati dzanjalo si la mwini wake. Palibe wamoyo amene adaona Gwinnett akusaina. Choncho akatswiri amafanizira kalembedwe ndi zolemba zina zodziwika, amayesa pepala ndi inki, ndipo koposa zonse amalondola mapazi a chikalatacho: adachilandira ndani, adachisiyira yani, chidagulitsidwa liti ndi kuti. Nthawi zina sipakhala wakuba. Akuluakulu ambiri adali ndi alembi owasainira, ndipo mu 1965 wamalonda Charles Hamilton adaonetsa kuti maina ambiri a John F. Kennedy adalembedwa ndi makina otsanzira dzanja. Koma nthawi zina wonyenga amakhalapo, ndipo vutoli ndi lakale. Kalata yachiwiri ya kwa Atesalonika imachenjeza za kalata yonamizira dzina la Paulo, nitsiriza ndi moni wa dzanja lake ngati chizindikiro. Ndipo akatswiri a Malembo mpaka lero amatsutsana ngati dzanjalo lidalidi la Paulo.

Pakati pa 1861 ndi 1869, ku Paris, Vrain-Denis Lucas adagulitsa zikalata zabodza zoposa 27,000 kwa Michel Chasles, katswiri wa masamu wolemekezeka wa mu Académie des sciences, pa mtengo wa mafranki pafupifupi 140,000. Mwa izo mudali makalata a Ponsio Pilato, a Yudasi, a Cleopatra, ndi a Maria Magdalena kwa Lazaro, onse olembedwa m'Chifalansa. Munthu wanzeru chotere adapusitsidwa bwanji? Lucas adampatsa chimene mtima wake udafuna, ndicho makalata a Pascal osonyeza kuti Mfalansa ndiye adatulukira lamulo la mphamvu yokoka zinthu Newton asanatero. Chasles adawaonetsa ku Académie mu 1867 nawateteza zaka ziwiri, mpaka chinyengo chidaululika ndipo mu 1870 Lucas adaweruzidwa kukakhala m'ndende zaka ziwiri. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Koma wanjala safuna kuung'amba mkuyuwo kuti aone.

Pofika 1983 magazini ya Stern ku Germany idali italipira mamaki 9.3 miliyoni pogula mabuku pafupifupi 60 amene adati ndi a tsiku ndi tsiku a Hitler. Akatswiri a kalembedwe adavomereza, osadziwa kuti zina mwa zitsanzo zimene adafanizira nazo zidalembedwa ndi wonyenga yemweyo, Konrad Kujau. Bodza lidachitira umboni bodza linzake, mpaka oyesa pepala adapezamo mankhwala oyeretsera amene adayamba kugwiritsidwa ntchito nkhondo itatha. Ku Utah, Mark Hofmann, wopeka zikalata za chiyambi cha mpingo wa Mormon, ataona kuti zake zili pafupi kuululika, adapha anthu awiri ndi mabomba mu Okutobala 1985. Ndipo pamene apolisi a FBI adaphwasula gulu la onyenga ku California mu 1999, zidadziwika kuti gululo lidalemba dzina la Mayi Teresa ngakhale pa mpira wa baseball, ndi kuti katundu wake adali kuyenda ndi masatifiketi otsimikizira kuti ndi weniweni.

Phunziro lake ndi lakuti satifiketi nayo ndi siginecha, ndipo nayonso imafuna mboni. Tingalondole unyolo wa mapepala kutalika kwake konse, pamapeto pake tidzapeza munthu amene tiyenera kumkhulupirira kapena kumkayika. Muyeso wachisanuwu tiuvomereza ndi mtima wonse, chifukwa umakakamiza wogula kufunsa funso loyenera, lakuti kodi n'zoona? Msika umene umadzitama kuti umangodziwa manambala ukupezeka kuti waima pa kukhulupirika kwa mboni.

Kukhala ndi mtengo ndi kugulika

Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Masiginecha ovomerezeka a William Shakespeare alipo 6, atatu mwa iwo pa wilo yake ya 1616, ndipo onse ali m'nyumba zosungira zolembedwa ku London. Mtengo wake palibe angauwerenge, komanso palibe angawagule. Kumbali ina, chinthu chingakhale ndi mtengo wolembedwa m'buku la wamalonda koma osapeza wochifuna. Kugulika kumafuna anthu awiri olimbirana pa tsiku limodzi, umboni umene wogula wotsatira adzauvomereze, ndi ufulu weniweni wa wogulitsa pa katunduyo. Ku France, mwachitsanzo, zikalata za boma sizigulitsidwa, ndipo boma lingaziitanitse ngakhale patapita zaka zambiri. Pamwamba pa izo, nyumba ya okushoni imadula gawo lake kwa wogulitsa ndi kwa wogula yemwe, ndipo la wogula kawirikawiri limafika pa gawo limodzi mwa magawo anai a mtengo. Alimi athu a fodya amadziwa kusiyana kwa mtengo wolembedwa pa belo ndi ndalama yofika m'thumba.

Amene adaiwala kusiyana kumeneku ndi anthu pafupifupi 18,000 amene adaika chuma chao mu kampani ya Aristophil ku Paris. Kampaniyo idasonkhanitsa makalata ndi zolembedwa zina pafupifupi 130,000, nigulitsa magawo a umwini wake kwa anthu wamba ndi chiyembekezo cha phindu la 8 pa 100 chaka chilichonse. Munthu adali kukhala mwini wa kagawo ka kalata imene sadaigwire m'manja. Apolisi adalowerera mu 2014, kampani idagwa mu 2015, mayuro pafupifupi 850 miliyoni ali m'kati. Katundu atayamba kugulitsidwa pa okushoni mu 2017, wambiri adapita pa kagawo chabe ka mitengo imene kampaniyo idalemba. Vuto silidali pa dzanja la olemba makalatawo. Lidali pa mtengo, umene udalembedwa ndi wogulitsa yekha popanda wina wopikisana naye.

Chimene wogula akufuna

Tsono ngati si maganizo, si pepala, si ukulu wa munthu, wogula akufuna chiyani? Akufuna kukhudza pamene padakhudza dzanja la munthu amene palibe. Chilakolako chimenechi sitichinyoza. Ndi cha umunthu, ndipo aliyense amene adasunga kalata ya malemu mai ake m'buku la mapemphero amachidziwa. Mu Meyi 1546, Francis Xavier Woyera ali ku Amboina adalembera anzake a ku Ulaya kuti adadula maina ao m'makalata amene adamtumizira, ndi kuti amayenda nao pamodzi ndi mau a malumbiro ake. Pa makwerero a amalonda aja dzina lodulidwa ndilo lapansi. Kwa Xavier lidali abale ake. Mu 1224, pa phiri la La Verna, Francis Woyera wa ku Assisi adalembera Mbale Leo dalitso pa kachikopa kakang'ono. Leo adakapinda nayenda nako mpaka imfa yake, ndipo mizere yopindirayo ikuonekabe lero ku Assisi. Wamalonda akadati kachikopako n'koonongeka, pamene mizereyo ndiyo umboni wa zaka zoposa makumi anai za kukhulupirika.

Kusiyana kwake ndi kwakuti Xavier ndi Leo adalandira, pamene wogula amalipira. Ubale umene udabala dzinalo susamuka pamodzi ndi pepala, ndipo n'chifukwa chake wosonkhanitsa sakhuta: lero wapeza dzina ili, mawa mtima uli pa lina. Mpingo udakumana ndi vuto lomweli pa zotsala za Oyera, ndipo sudalithetse tsiku limodzi. Msonkhano Waukulu wachinai wa ku Lateran, mu 1215, udaletsa kuziika pa malonda, ndipo lamulo 1190 la Malamulo a Mpingo a 1983 likuletsabe kotheratu kuzigulitsa. Kuti lamulolo likufunikabe kudaoneka mu 2025, pamene episkopi wa ku Assisi adakadandaula kwa akuluakulu a boma za tsitsi lonenedwa kuti ndi la Carlo Acutis, limene lidali kugulitsidwa pa intaneti. Makalata osainidwa ndi Mayi Teresa kapena Papa John Paul II nawonso amapezeka m'mabuku a amalonda, kusonyeza kuti mpanda wolekanitsa chikumbutso ndi katundu ndi waufupi.

Kumene chilakolakochi chimafika chikasiyana ndi ulemu tikuonera pa Jared Sparks, wolemba mbiri amene pambuyo pake adatsogolera yunivesite ya Harvard. Iye adali ndi masamba 73 a dzanja la George Washington, mau amene Washington adakonza kuti alankhule polowa upulezidenti mu 1789 koma sadawalankhule. Anthu atamvutitsa kupempha kachidutswa ka dzanja la mtsogoleriyo, Sparks adagawa masambawo, ena nawadula m'zidutswa. Lero akatswiri ali ndi zigamba zokha, ndipo zambiri zidatayika. Madzi akatayika saoleka. Okonda dzanja adapha mau amene dzanjalo lidalemba.

Komabe sitingakhale oweruza achilungamo tikapanda kunena zabwino. Stefan Zweig, wolemba mabuku wa ku Austria, sadathamangire maina okha; adafuna masamba osonyeza munthu ali pa ntchito, ofufutidwa ndi okonzedwa. Mwa zimene adasonkhanitsa mudali kabuku m'mene Mozart adalembamo ndandanda wa nyimbo zake, ndipo mu 1986 achibale ake adapereka chumacho ku British Library kuti onse achione. Wosonkhanitsa wotere ndi mlonda, ndipo zambiri zimene dziko lili nazo zidapulumuka ku moto chifukwa wina adaziona kuti n'za mtengo. Chimene chikusiyanitsa Zweig ndi opempha a Sparks ndi miyeso iwiri ija: iye adasamala zolembedwamo ndi umboni wake, iwo adasamala kutchuka kwa dzina.

Za m'mabokosi athu

Msika umenewu udafika kale pa mbiri yathu. Makalata a David Livingstone amaonekera nthawi ndi nthawi pa okushoni ku London, ndipo amagulidwa bwino chifukwa dzina lake n'lotchuka. Jacob Wainwright, Myao woomboledwa ku ukapolo amene adazokota mau pa mtengo wa kwa Chitambo mu 1873 ndi kuperekeza mtembo wa Livingstone mpaka ku London, nayenso adalemba za ulendowo. Koma masamba a dzanja lake adadikira mpaka 2019 kuti aikidwe poyera pa intaneti. Palinso zizindikiro zina zimene wosonkhanitsa sadzazifunsa: timitanda timene mafumu adaika pa mapangano a Harry Johnston ndi anzake mu 1889 ndi zaka zotsatira, ndi pa zikalata zimene atsamunda adatengera malo. Palibe siginecha imene idatidyera zambiri kuposa timitanda timeneto, pakuti tidasuntha minda ndi midzi. Ndipo funso la umboni, lakuti mfumu idamva chiyani poika mtandawo, likadali muzu wa madandaulo a malo ku Thyolo ndi ku Mulanje.

Moto wa 1919 ku Zomba udatentha zolembedwa zambiri za boma za zaka zoyamba. Chifukwa cha ichi zolembedwa za mishoni n'zolemera kwa dziko lonse: buku la tsiku ndi tsiku la ansembe a White Fathers a kwa Mponda la 1889 mpaka 1891, mabuku a ubatizo a mishoni zakale monga Nzama ndi Mua, makalata a akatekisiti amene adatsegula midzi wansembe asanafike. Lamulo 535 limatiuza kusunga mosamala mabuku akale a parishi, ndipo lamulo 491 limapatsa episkopi udindo wa nkhokwe ya mbiri ya dayosizi. Ngati tiphunzira kanthu kwa amalonda, kakhale aka: osadula dzina kapena sitampa pa kalata, osalekanitsa kalata ndi envulopu yake kapena ndi zinzake, kulemba amene adapereka chilichonse ndi tsiku limene adaperekera, kuteteza zonse ku dzuwa, ku chinyontho ndi ku chiswe. Ndipo mlendo akadzabwera ndi ndalama kufunsa za mapepala akale, tikumbuke kuti si athu, tidangosungitsidwa.

Dzina limene wansembe amalemba pansi pa tsamba la ubatizo silotchuka, silosowa, ndipo silidzafika ku Sotheby's. Koma patapita zaka makumi atatu munthu adzagogoda pa ofesi ya parishi kudzalifuna, ndipo ukwati wake kapena unsembe wake udzadalira kuti dzanjalo lidanena zoona, ndi kuti wina adalisunga.